Makina Obwera ndi Manja a Eni Dera: Mbiri ya Makwasha ndi Migodi ya Zvishavane

Makwasha ndi limodzi mwa madera okhalamo anthu ambiri m'tauni ya Zvishavane, m'chigawo cha Midlands m'dziko la Zimbabwe, pamtunda wa makilomita pafupifupi 120 kummwera kwa Gweru ndiponso pafupifupi 100 kumadzulo kwa Masvingo. Tauniyi, imene mpaka chaka cha 1982 inkatchedwa Shabani, inabadwa chifukwa cha mgodi wa Shabanie, umene unayamba mu 1916 pofuna asibesitosi, mwala wokhala ndi ulusi wosagwira moto umene umasakanizidwa ndi simenti popanga malata a denga ndi mapaipi a madzi. Madera monga Maglas ndi Kandodo anali makomboni a kampani ya mgodi, kumene munthu ankakhala malinga ngati dzina lake lili m'kaundula wa antchito, pamene Mandava ndi Makwasha ndi madera a khonsolo, amene anakula pamene tauni inkafutukukira kunja kwa mipanda ya kampani. Kusiyana kumeneku n'kofunika pa mbiri ya deralo, pakuti mgodi utafooka, luso limene linaphunziridwa pansi pa nthaka ndi m'nyumba zokonzera makina silinafe, koma linasamukira m'mabwalo a nyumba za anthu wamba.

Mbiri ya Makwasha ndi madera oyandikana nawo imaonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza, chakuti makina kapena njira yogwirira ntchito yochokera kunja imakhalitsa pokhapokha anthu a pamalopo atatha kuitsegula, kuikonza ndi kuisintha kuti igwirizane ndi mwala, mvula ndi thumba la kwawo. Achewa amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zimenezi zinaoneka ku Shabani, koma zinaonekanso kuti kalumoko kamabuntha msanga ngati palibe wodziwa kukanola mlendoyo atapita.

Mgodi wa Shabanie ndi anthu amene anaukumba

M'zaka zoyamba ntchito yambiri ya pamgodi inkachitika ndi manja. Amuna ankaswa miyala ndi nyundo n'kumatola ulusi wautali, ndipo katundu ankanyamulidwa pa ngolo za ng'ombe mpaka pamene njanji yochokera ku Somabhula inafika mu 1928. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 mgodiwu unalowa m'manja mwa kampani ya ku Britain ya Turner and Newall, imene inali ndi mafakitale akuluakulu opanga zinthu za asibesitosi, ndipo kuchokera pamenepo kunabwera zigayo zazikulu zimene zimaphwanya mwala, kuuumitsa, kuusefa ndi kukoka ulusiwo ndi mphepo, njira imene inakhwima m'migodi ya ku Quebec m'dziko la Canada. Ulusi wa ku Shabani, wa mtundu woyera wotchedwa chrysotile, unkafunidwa kwambiri chifukwa unali wautali ndiponso unali ndi chitsulo chochepa, motero unkayenera pa ntchito yokutira mawaya a magetsi. M'zaka za m'ma 1970 dzikolo linkatulutsa matani oposa 200,000 a asibesitosi pachaka, ambiri mwa iwo kuchokera ku Shabanie ndi ku migodi ya ku Mashava.

Makina amenewa sakanayenda popanda anthu, ndipo ambiri mwa anthuwo anachokera kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi. Msonkho wa nyumba, thangata la m'minda ya azungu ndi kuchepa kwa malipiro zinachititsa amuna a ku Nyasaland kutsika wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi ndi kulowa mu Southern Rhodesia, kumene bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, linkadziwika ndi dzina lakuti chibalo chifukwa cha nkhanza za ntchito zimene linkatumizako anthu. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935 motsogozedwa ndi a Travers Lacey inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri anali atasanduka machona, ndiye kuti anthu amene anataya chiyembekezo chobwerera kwawo. Chaka chotsatira maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anagwirizana za kayendedwe ka antchito, kenaka kunabwera malole a Ulere onyamula anthu mosalipira, ndipo nkhondo yachiwiri itatha kunabwera Mthandizi.

Ena mwa amuna amenewa anali ataphunzira kuwerenga, ukalipentala, umisiri womanga ndi utelala m'masukulu a mishoni monga ku Livingstonia ndi ku Blantyre, choncho ankapatsidwa ntchito za ukalaliki, ukapitawo ndi kuthandiza amisiri achizungu. Malamulo ndi chizolowezi cha nthawiyo zinkasungira azungu maudindo a umisiri pamodzi ndi malipiro ake, koma munthu amene ankagwira sipanala tsiku ndi tsiku, kumva kulira kwa pampu ndi kudziwa ngati yadwala, kapena kugogoda denga la mgodi ndi chitsulo kuti amve ngati mwala wamasuka, kawirikawiri anali Mchewa, Myao, Mtonga, Msena kapena Mkaranga amene dzina lake silinalembedwe m'malipoti a kampani. Pansi pa nthaka ankalankhulana m'Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha m'migodi, pamene kukomboni ankasunga Chinyanja, magulu othandizana pa maliro, beni ndi gule wamkulu, amene Ashona amautcha zvigure. Zidzukulu za anthu amenewa, zimene zina zinavutika ndi nkhani ya unzika lamulo litasintha mu 2001 mpaka pamene malamulo aakulu a dziko a 2013 anawabwezera ufulu, ndi gawo la anthu a ku Zvishavane lero.

Mwala umene unakana kutsatira buku

Chitsanzo choyamba chachikulu cha kusintha luso lobwera chinachitika pansi pa nthaka. Mgodi utazama, kampani inatenga njira yotchedwa block caving, imene inayamba m'migodi ya chitsulo ya ku Michigan m'dziko la America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. M'njira imeneyi amisiri sakumba mwala wonse, koma amasema mpata waukulu kunsi kwa gawo la mwala wokhala ndi chuma, kotero kuti mwalawo umagumuka wokha chifukwa cha kulemera kwake, ndipo antchito amaukoka pang'onopang'ono kudzera m'mabowo okonzedwa kunsi. Njirayi ndi yotsika mtengo ikayenda bwino, koma imafuna kudziwa pasadakhale ngati mwala udzagumukadi, kukula kwa zibuma zimene zidzagwa, ndi mphamvu imene makwalala a pansi adzafunika kupirira. Mwala wa ku Shabanie unali wovuta, popeza unali ndi ming'alu yoterera ndi zigawo zofewa zoyandikana ndi zigawo zolimba, ndipo kukoka mwala wochuluka pabowo limodzi kusiyana ndi anzake kunkalowetsa miyala yopanda ntchito kapena kuphwanya makwalala.

Mu 1973 katswiri wina ku South Africa, a Z. T. Bieniawski, anatulutsa njira yopimira kulimba kwa mwala poupatsa mapointi, koma njirayo inakonzedwa makamaka poganizira ngalande za misewu ndi za madzi, kumene cholinga n'chakuti mwala usagwe. A Dennis Laubscher, katswiri wa za miyala amene anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya asibesitosi ya Shabanie ndi Mashava, anaona kuti mgodi umene ukufuna kuti mwala ugwe mwadongosolo ukufunika muyeso wina. Iwo anatenga njira ya a Bieniawski n'kuwonjezamo masinthidwe anayi, oganizira mmene mwala umafookera ukakumana ndi mpweya ndi madzi, kumene ming'alu yaloza poyerekeza ndi kumene akukumba, kupanikizika kumene kukumbako kumabweretsa, ndi kuwonongeka kochokera ku mabomba ophulitsira miyala. Njira imeneyi, imene anaifalitsa m'zaka za m'ma 1970 ndipo imadziwika ndi zilembo zakuti MRMR, inabwerera kunja n'kukhala imodzi mwa miyeso imene migodi yogumula mwala imagwiritsa ntchito m'maiko ambiri. Ngakhale dzina lolembedwa ndi la katswiri mmodzi, zimene anayeza zinachokera m'makwalala amene antchito a ku Maglas ndi Kandodo ankawachirikiza, kuwakonza akaphwanyika ndi kuferamo nthawi zina.

Zaka za kutsekeredwa ndi mafakitale a Midlands

Boma la a Ian Smith litalengeza ufulu wake mosagwirizana ndi Britain mu 1965, maiko ambiri anaika ziletso za malonda, ndipo masipeyala a makina anayamba kuvuta kupeza. M'migodi ndi m'mafakitale a Midlands amisiri anakakamizika kusula, kuumba ndi kuwotcherera zinthu zimene kale ankangoitanitsa, kotero kuti nyumba zokonzera makina za pamgodi zinasanduka sukulu zenizeni za umisiri wa zitsulo. Fakitale ya chitsulo ya ku Redcliff, imene inatsegulidwa mu 1948 ndipo pambuyo pake inatchedwa Zisco, inkasungunula miyala ya chitsulo kuphatikizapo yochokera ku phiri la Buchwa ku Mberengwa, pafupi ndi Zvishavane. Kufupi ndi Kwekwe, kampani ya feteleza ya Sable Chemicals, imene inayamba mu 1969, inamanga mu 1972 makina olekanitsa madzi ndi mphamvu ya magetsi kuti ipeze mpweya wa haidrojeni wopangira amoniya, chifukwa dzikolo linalibe gasi wa pansi pa nthaka amene maiko ena amagwiritsa ntchito, koma linali ndi magetsi otsika mtengo a ku Kariba.

Mafakitale awiriwa akuonetsa mbali ina ya nkhaniyi, yakuti kusintha makina kuti agwirizane ndi nyengo imodzi sikutsimikiza kuti adzapirira nyengo ina. Magetsi atayamba kusowa ndi kukwera mtengo, makina a Sable olekanitsa madzi anazimitsidwa mu 2015, ndipo ng'anjo za Zisco zinazima mu 2008 chifukwa cha ngongole, kusakonzedwa ndi kayendetsedwe kofooka. Chimene chinatsala m'matauni a Redcliff, Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane ndi anthu odziwa zitsulo, amene anayenera kupeza pena pogwiritsa ntchito manja awo.

Migula ya boma ndi maenje a a Phiri

Chitsanzo chodziwika kwambiri cha m'boma la Zvishavane sichinachokere m'mgodi, koma m'munda. Kuyambira mu 1926, pamene mmishonale wa ku America a Emory Alvord anapatsidwa udindo wophunzitsa anthu akuda zaulimi, boma la atsamunda linkalimbikitsa njira zoteteza nthaka zotengedwa ku America, ndipo malamulo a Natural Resources Act a 1941 ndi Native Land Husbandry Act a 1951 anachititsa kuti kukumba migula kukhale kokakamiza. Mgula wa mtundu umenewu, umene Ashona amautcha gandiwa, ndi mzere waukulu wopingasa malo otsetsereka wokhala ndi ngalande kumtunda kwake, ndipo ngalandeyo inkapendekeka pang'ono kuti madzi a mvula atuluke m'munda popanda kukokolola nthaka. Kumalo a mvula yambiri nzeru imeneyi ndi yomveka, koma dera la Zvishavane limalandira mvula yochepa, kawirikawiri pakati pa mamilimita 450 ndi 650 pachaka, imene imagwa mwamkuntho masiku ochepa kenaka n'kudula kwa milungu ingapo, motero mgula wotaya madzi unkachotsa m'munda chinthu chimene mbewu zinkachisowa koposa. Malamulo ena ankaletsanso kulima m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Owerenga a ku Malawi adzakumbukira kuti malamulo ofanana ndi amenewa, amene anthu ankawatcha malimidwe, anautsa mkwiyo ku Nyasaland, ndipo Inkosi Gomani yachiwiri ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando mu 1953 italimbikitsa anthu ake kusamvera malamulowo potsutsa chitaganya.

A Zephaniah Phiri Maseko, amene anabadwa mu 1927 ndipo anaphunzira pa mishoni ya Dadaya, anachotsedwa ntchito ku kampani ya njanji m'zaka za m'ma 1960 chifukwa cha ndale zomenyera ufulu, ndipo anabwerera ku munda wa mahekitala pafupifupi atatu ku Msipane, m'dera la Runde. Kumtunda kwa mundawo kunali thanthwe lalikulu limene mvula ikagwa linkatsanulira madzi ake kumunsi mwaliwiro. Iwo anayamba ndi kuyang'anitsitsa kumene madziwo amadutsa, kenaka anaunjika mizere ya miyala yopanda simenti kuti achepetse liwiro lake, anakumba dzenje lalikulu kunsi kwa thanthwe lolandira madzi ndi mchenga, ndipo m'ngalande za migula ya boma ija anakumbamo maenje akuya motsatizana, kotero kuti madzi amene anayenera kutayidwa ankaima, kulowa pansi ndi kuyenda pang'onopang'ono mkati mwa nthaka kupita kumene kuli mizu ndi zitsime. Sanafafanize mgula, koma anautembenuza ntchito, kuchoka pa kutaya madzi kufika pa kuwakolola. Kumunsi anakumba maiwe a nsomba, anadzala nthochi, bango, nzimbe ndi mitengo ya zipatso, ndipo zitsime zawo zinkasunga madzi ngakhale m'zaka za chilala.

Akuluakulu a boma anawaimba milandu kangapo chifukwa cholima m'dambo, mpaka pamene anadzionera okha kuti nthaka ya pamalopo sinkakokoloka ndipo madzi ankachuluka m'malo mochepa. Dziko litalandira ufulu, a Phiri anayambitsa bungwe la Zvishavane Water Project cha m'ma 1987, limene linathandiza midzi ya ku Zvishavane ndi ku Chivi kukumba zitsime, kumanga madamu ang'onoang'ono ndi matanki osunga madzi a mvula. Mu 2006 analandira mphoto ya National Geographic Society ndi banja la Buffett ya utsogoleri pa kusamala chilengedwe, ndipo pamene ankamwalira mu 2015 alimi ndi ophunzira ochokera m'maiko ambiri anali atafika pakhomo pawo kudzaona maenjewo, amene mpaka lero amatchulidwa ndi dzina lawo. Mphamvu ya njira yawo inali yakuti inkafuna khasu, piki, fosholo ndi maso, zinthu zimene mlimi wosauka ali nazo, ndiponso yakuti iwo ankalimbikitsa mlimi aliyense kuphunzira kayendedwe ka madzi pa munda wake m'malo mokopera miyeso ya mwini wake.

Mjigo ndi chimbudzi

M'midzi yozungulira tauni, kumene mabanja ambiri a ku Makwasha ali ndi achibale ndi minda, muli zipangizo ziwiri zimene zinasinthidwa ndi maganizo ofananawo. Choyamba ndi mjigo wotchedwa Bush Pump, umene a Tommy Murgatroyd anaupanga koyamba mu 1933 ku Plumtree, potengera mapampu a kunja koma pogwiritsa ntchito mapaipi achitsulo wamba ndi chipika cha mtengo wolimba chowiritsidwa m'mafuta m'malo mwa mabeyaringi ogula kunja. Chipikacho chimatha zaka zambiri, ndipo chikatha kalipentala wa pamudzi akhoza kusema china. A Peter Morgan a ku Blair Research Laboratory ku Harare anaukonzanso mu 1987, ndipo mtundu umenewo, wotchedwa B, unavomerezedwa mu 1989 kukhala mjigo wa dziko lonse. Mitundu ina ya mjigowu inapangidwa kuti ndodo ndi zikopa zotsekera madzi zizitulutsidwa popanda kuzula mapaipi onse, ntchito imene komiti ya pamudzi ingathe kuichita. Nzeru yomweyi ndi imene inabala mjigo wa Afridev, umene unayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina lakuti Maldev.

Chachiwiri ndi chimbudzi cha Blair, chimene a Morgan omwewo anachikonza m'zaka za m'ma 1970, pozindikira kuti chimbudzi chogejemula, chimene chimafuna madzi a m'mipope ndi mapaipi a zonyansa, sichikanafika m'midzi youma. Chimbudzichi ndi dzenje wamba lokhala ndi paipi yaitali yotulukira pamwamba pa denga, imene kukamwa kwake kuli sefa. Mphepo yodutsa pamwamba pa paipi imakoka fungo, ndipo popeza mkati mwa kanyumbako mumakhala mdima, ntchentche za m'dzenje zimatsata kuwala kwa m'paipi n'kukakodwa pa sefa. Ena mwa mapaipi amenewo anali a simenti yosakaniza ndi asibesitosi, ndiye kuti ulusi wa m'dera lomwelo unkabwerera m'midzi m'maonekedwe ena. Pa ntchito zimenezi a Morgan analandira mphoto ya Stockholm Water Prize mu 2013. M'tauni mwenimweni, kumene madzi amachokera ku mtsinje wa Ngezi kudzera m'mapampu a magetsi ndi mankhwala ogula ndi ndalama zakunja, mipope ikauma anthu amabwerera ku mijigo, zitsime ndi migolo, zomwe zikuonetsa kuti njira yapamwamba imafunika kukhala ndi inzake yosavuta poyembekezera tsiku la mavuto.

Kugwa kwa mgodi ndi umisiri wa m'mabwalo a nyumba

Pofika zaka za m'ma 1990 madokotala padziko lonse anali atatsimikiza kuti fumbi la asibesitosi limaumitsa mapapo ndi kuyambitsa khansa, matenda amene amaonekera patapita zaka zambiri, ndipo maiko ochuluka anayamba kuletsa malonda ake, kuphatikizapo South Africa mu 2008. Anthu amene anapuma fumbilo m'zigayo, ndi ana amene anakulira pafupi ndi milu yoyera ya zotsalira imene imaoneka m'mbali mwa tauni, anasenza mtengo wa chuma chimene phindu lake lalikulu linapita kutali. Mu 1996 kampani ya Turner and Newall inagulitsa migodi ya Shabanie ndi Mashava kwa a Mutumwa Mawere pa mtengo wa madola 60 miliyoni a ku America, ndipo mu 2004 boma linaiika pansi pa woyang'anira wake ponena kuti inali ndi ngongole ku mabungwe a boma, nkhani imene inakhala m'makhoti zaka zambiri. Kugwa kwa mphamvu ya ndalama kumene kunafika pachimake mu 2008 kunamaliza zimene zinatsala, pakuti masipeyala sankagulika, makina akale ankawonongeka, ndipo mapampu ataima madzi anadzaza makwalala a pansi. Antchito zikwi zingapo anakhala zaka osalandira malipiro, ndipo kampani ya Turnall, yopanga malata a asibesitosi, inayamba kuitanitsa ulusi ku Brazil ndi ku Russia. Mu 2015 yunivesite ya Midlands State inatsegula nthambi yake m'nyumba zina za mgodi, ndipo ophunzira anasanduka alendi m'madera a tauniyo.

M'nyengo imeneyi ndi mmene umisiri wa m'mgodi unaonekera poyera m'madera monga Makwasha ndi Mandava. Owotcherera, okonza magetsi ndi amakaniko amene kale ankasamala zikepe ndi zigayo anayamba kupanga mafelemu a mawindo, zitseko, ngolo za abulu ndi ng'ombe, mbaula ndi zigayo zazing'ono kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Msika wawo waukulu unakhala wa okumba golide mwa iwo okha, amene amatchedwa makorokoza, omwe achuluka ku Mberengwa, ku Shurugwi ndi m'mbali mwa mtsinje wa Runde. Anthu amenewa amagwiritsa ntchito chigayo chosinja miyala ndi minsi yachitsulo yokwera ndi kutsika, chimene chinabwera ndi azungu oyamba, pamodzi ndi migolo yozungulira yokhala ndi mipira yachitsulo mkati, yowotcheredwa konko ndi kuyendetsedwa ndi injini zazing'ono za dizilo za ku China, zimene zimakondedwa chifukwa n'zotsika mtengo ndipo makaniko aliyense amatha kuzimasula. M'zaka zaposachedwa migodi ing'onoing'ono yakhala ikupereka loposa theka la golide amene amagulitsidwa ku Fidelity, kampani ya boma yogula ndi kuyenga golide.

Kusintha kotereku kuli ndi mtengo wake, ndipo mbiri yoona siyenera kuubisa. Pofuna kugwira golide wosalala, okumba amasakaniza mchenga ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chimene chimamatirira golide, kenaka amawotcha kampira kameneko poyera, ndipo utsi wake umawononga ubongo ndi impso za wowotchayo ndi za ana amene ali pafupi. Mwini chigayo kawirikawiri amatsala ndi mchenga umene udakali ndi golide wambiri, n'kuuviika m'matanki a sayanaidi, mankhwala aululu osungunula golide, motero wokumba amatenga gawo lochepa la thukuta lake. Maenje osachirikizidwa bwino amagumukira anthu, makamaka nyengo ya mvula. Chipangizo chotsekera utsi wa mekyule kuti ubwerere kukhala madzi chikhoza kupangidwa ndi zidutswa za mapaipi ndi wowotcherera aliyense, koma sichinafalikire monga mmene injini za dizilo zafalikira, chifukwa phindu lake silioneka tsiku lomwelo.

Migodi ikuluikulu nayonso inaphunzira phunziro lomweli pa Great Dyke, mtandadza wa miyala wodutsa pakati pa dzikolo umene uli ndi pulatinamu ndi kuromu. Mgodi wa Hartley, umene kampani ya BHP inamanga ndi ndalama zambiri kumpoto kwa mtandadzawu, unatsekedwa mu 1999 patangopita zaka zochepa, mwa zina chifukwa denga la mwala linali losalimba kusiyana ndi mmene mapulani ankayembekezera. Mgodi wa Mimosa, kumadzulo kwa Zvishavane, unayamba pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1990 pansi pa kampani ya Zimasco, n'kumakula pamene amisiri ankaudziwa mwalawo, pogwiritsa ntchito njira yosiya mizati ya mwala yochirikiza denga ndi makina aafupi otha kuyenda m'makwalala otsika. Mgodi umenewu, pamodzi ndi wa dayamondi wa Murowa umene unatsegulidwa mu 2004 ku Mazvihwa, ndiwo unachirikiza tauni pamene Shabanie inkagwa.

Zimene mbiriyi ikuphunzitsa

Zitsanzo zonsezi zikaikidwa pamodzi zikusonyeza kuti funso lofunika pa chipangizo chilichonse chobwera si lakuti n'chatsopano motani, koma lakuti chinapangidwira mavuto ati, chimadalira chiyani kuti chiyende, ndipo ndani adzachikonza chikawonongeka. Mgula unapangidwira mvula yochuluka, muyeso wa a Bieniawski unapangidwira ngalande zosayenera kugwa, ndipo zigayo za Shabanie zinkadalira msika, magetsi ndi masipeyala zimene anthu a m'tauni analibe nazo ulamuliro. Pamene panapezeka munthu wokhala ndi nthawi, ufulu ndi kulimba mtima koyang'anitsitsa malo ake, chobweracho chinasinthidwa n'kukhala chothandiza, nthawi zina mpaka kubwerera kunja chili chabwino koposa. Kusiyana kwa a Laubscher ndi a Phiri n'kwakuti woyamba analipidwa ndi kulemekezedwa chifukwa chosintha buku, pamene wachiwiri anayamba waimbidwa milandu chifukwa cha ntchito yofananayo.

Pa chifukwa chimenechi, maiko monga Malawi, amene akutsegula migodi yatsopano ndi kulandira mapampu a dzuwa, makina othirira ndi zigayo zochokera kunja, akuyenera kuika ndalama pa amisiri monga mmene amaikira pa makina, kupempha kuti zojambula ndi masipeyala zizipezeka m'dziko momwemo, ndi kuwerengera thanzi la antchito kuyambira tsiku loyamba. Ku Zvishavane komweko ntchito yofulumira ndi yolemba zimene okalamba a ku Makwasha, Mandava, Maglas ndi Kandodo akukumbukira za mmene ankakonzera makina masipeyala atasowa ndi mmene ankawerengera zizindikiro za mwala, pakuti ambiri mwa iwo, kuphatikizapo ana a machona amene akulankhulabe Chichewa, ndi okalamba ndithu, ndipo yunivesite imene ingathe kusunga umboni wawo ndi kuuphunzitsa kwa achinyamata ili kale m'nyumba za mgodi umene iwo anautumikira.